LUSO LA MAKONO: Processor Ikasintha, Nyimbo za ku Durban Zimapulumuka Bwanji?

DURBAN – Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, maminibasi oyenda pakati pa mzinda wa Durban ndi malokeshoni a Umlazi, KwaMashu ndi Clermont adayamba kugwedezeka ndi chamba chatsopano cha nyimbo, cha ng'oma zolemera ndi zodumphadumpha, chimene eni ake adachitcha gqom. Nyimbozo sizidajambulidwe m'masitudiyo akuluakulu. Zidapangidwa m'zipinda zogona ndi achinyamata amene chuma chawo chonse chidali kompyuta imodzi yakale ndi pulogalamu yotchedwa FL Studio.

Lero chambachi chikudziwika dziko lonse lapansi, koma pali vuto limene silimveka m'zokuzira mawu. Nyimbo yopangidwa pa kompyuta imatsamira pa timapulogalamu ting'onoting'ono totchedwa ma plugin, ndipo timapulogalamuti timatsamiranso pa processor, kachipangizo kamene ndi ubongo wa kompyutayo. Makampani a ku America akasintha mtundu wa processor, monga idachitira Apple m'chaka cha 2020, ma plugin onse amayenera kumangidwanso. Amene samangidwanso amaleka kulira, ndipo ntchito imene idapangidwa nawo imasanduka chitseko chopanda kiyi.

Nkhaniyi ikukhudza wojambula nyimbo wa ku KwaMashu chimodzimodzi ndi mnzake wa ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, wa ku Matero mumzinda wa Lusaka kapena wa ku Tete, pakuti onsewa amagwiritsa ntchito zida zimene tsogolo lake limakonzedwa kutali ndi kwawo.

Situdiyo ya m'chipinda chogona

Mawu akuti gqom ndi a Chizulu, ndipo amatsanzira kulira kwa ng'oma ikamenyedwa. Mosiyana ndi chamba cha house, chimene ng'oma yake yaikulu imagunda mofanana kanayi pa mzere uliwonse, gqom imathyola kagundidweko n'kusiya mipata, kotero kuti womvera amakhala ngati akuyembekezera chinthu chimene chikuchedwa kufika. Nyimbozi poyamba zinkafalikira kudzera pa mafoni a m'manja, pa masamba a intaneti otsitsirapo nyimbo mwaulere ndi mwa oyendetsa maminibasi, amene ankakopa nazo okwera.

Dziko lakunja lidayamba kutchera khutu pamene kampani yaing'ono ya ku London, Goon Club Allstars, idatulutsa nyimbo za gulu la Rudeboyz m'chaka cha 2015 ndi za DJ Lag wa ku Clermont m'chaka cha 2016. M'chaka chomwecho cha 2016 kampani ya Gqom Oh!, yoyambitsidwa ku Rome m'dziko la Italy, idasonkhanitsa nyimbo za achinyamata a ku Durban pa chimbale chimodzi, ndipo Babes Wodumo adatchuka ndi nyimbo yake ya "Wololo". Gulu la Distruction Boyz la ku KwaMashu lidatulutsa chimbale cha "Gqom Is the Future" mu 2017. Pofika 2019, DJ Lag adali mmodzi mwa okonza nyimbo ya "My Power" pa chimbale cha Beyoncé.

Chida chimene chidanyamula ulendo wonsewu ndi FL Studio, pulogalamu ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium. Idalembedwa ndi Didier Dambrin kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pansi pa dzina lakuti FruityLoops, ndipo idasintha dzina mu 2003. Ili m'gulu la mapulogalamu amene amasandutsa kompyuta kukhala situdiyo yathunthu, pamodzi ndi Cubase, Logic Pro, Pro Tools ndi Ableton Live. Idakondedwa m'malokeshoni kaamba koti inkayenda ngakhale pa kompyuta yofooka ya Windows, ndiponso munthu wosadziwa kuwerenga manotsi a nyimbo ankatha kuyala ng'oma zake pongodina timabokosi.

Kodi plugin n'chiyani?

Pulogalamu yojambulira nyimbo ili ngati nyumba ya situdiyo imene ili ndi tebulo losakanizira mawu, koma zoimbira zambiri zimachokera kwina. Plugin ndi choimbira kapena chokometsera mawu chimene chimalowetsedwa m'nyumbamo. Ma plugin ena amapanga okha mawu, monga piyano, limba, besi kapena ng'oma. Ena amalandira mawu ojambulidwa kale n'kuwasintha: kuwapatsa mkokomo wa m'tchalitchi chachikulu, kuchepetsa phokoso, kapena kuwongola mawu a woimba amene waphonya pang'ono.

Kuti choimbira cha kampani ina chilowe m'nyumba ya kampani inanso, pamafunika mgwirizano wa kalumikizidwe. Aliyense amene adabwerako ku Joni ndi wailesi kapena filiji amalidziwa vutoli. Pulagi ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, soketi ya ku Malawi ndi ku Zambia imafuna mano atatu a makona, pamene ku Mozambique n'kofala kupeza ya mano awiri. Magetsi ndi amodzimodzi, koma popanda adaputa chipangizocho sichiyaka. Ma plugin nawonso ali ndi miyezo yosiyanasiyana ya kalumikizidwe.

Muyezo wodziwika kwambiri ndi VST, umene kampani ya Steinberg ya ku Hamburg m'dziko la Germany idautulutsa m'chaka cha 1996 pamodzi ndi pulogalamu yake ya Cubase. Poyamba unkangolola zokometsera mawu, koma VST 2 ya mu 1999 idatsegula khomo la zoimbira zathunthu, ndipo VST 3 idatsatira mu 2008. Steinberg idalola aliyense wodziwa kulemba mapulogalamu kupanga ma plugin a muyezowu, ndipo zotsatira zake zidali zoimbira zikwizikwi, zogulitsa ndi zaulere, zimene zidatsitsa mtengo wa situdiyo kuchoka pa mtengo wa nyumba kufika pa mtengo wa kompyuta.

Apple ili ndi muyezo wakewake wotchedwa Audio Units, ndipo pulogalamu yake ya Logic Pro siilandira VST. Kampani ya Avid, mwini wa Pro Tools, idayambitsa AAX mu 2011. Ogwiritsa ntchito Linux ali ndi LV2. Motero wopanga plugin imodzi amayenera kuiveka mapulagi atatu kapena anayi kuti ifike kwa ogula onse.

Miyezo imafanso. Mu Okutobala 2018 Steinberg idaleka kupereka ziphaso zatsopano zopangira ma plugin a VST 2, ndipo mu Januwale 2022 idalengeza kuti ikuchotsa pang'onopang'ono muyezo wakalewo m'mapulogalamu ake. Komatu ma plugin ambiri amene adali m'makompyuta a ku Durban m'zaka zoyambirira za gqom adali a muyezo umenewu.

Chinenero cha processor

Pansi pa nkhani ya mapulagi pali ina yozama. Processor iliyonse imamva malamulo a chinenero chimodzi chokha. Wolemba pulogalamu amayamba ndi malangizo owerengeka ndi munthu, otchedwa source code, kenaka makina amawatembenuzira m'chinenero cha processor imene pulogalamuyo idzayendepo. Chimene wogula amalandira ndi chotembenuzidwacho. Malangizo oyambirira amatsala m'manja mwa mwini wake.

Mabanja akuluakulu a zinenerozi ndi awiri. Loyamba ndi x86, lochokera ku processor ya 8086 imene Intel idatulutsa mu 1978, ndipo ndi limene lakhala likulamulira makompyuta a Windows kudzera mwa Intel ndi AMD. Lachiwiri ndi Arm, lobadwira ku kampani ya Acorn mumzinda wa Cambridge ku England mu 1985. Ma processor a Arm amadya magetsi ochepa, n'chifukwa chake ali pafupifupi mu foni iliyonse ya m'manja. Pulogalamu yotembenuziridwa mu x86 ndi yosamveka kwa processor ya Arm, monga momwe ulaliki wa m'Chizulu ungakhalire kwa gogo wa ku Dedza.

Plugin siiyenda payokha. Imalowa m'kati mwenimweni mwa pulogalamu yojambulira n'kugawana nayo malo okumbukira zinthu, choncho ziwirizi ziyenera kulankhula chinenero chimodzi. Pulogalamu yaikulu ikasamukira ku Arm, ma plugin ake onse a x86 amatsala kunja kwa chitseko, ngakhale pulagi yawo ikhale VST yomweyo.

Ntchito ya mawu ilinso ndi liwiro limene ntchito zina za kompyuta zilibe. Pa muyezo wa CD, sekondi imodzi ya nyimbo imagawidwa m'tizidutswa 44,100. Kompyuta imakonza tizidutswati m'timagulu, ndipo kagulu ka tizidutswa 128 kayenera kutha m'nthawi yosakwana magawo atatu mwa magawo 1,000 a sekondi. M'kanthawi kameneka ma plugin onse a m'nyimbo, kaya ndi 10 kaya ndi 60, ayenera kumaliza masamu awo. Kalata ikachedwa kutseguka pa kompyuta munthu amangodikira, koma plugin ikachedwa, khutu limamva kuthetheka. Pofuna kupeza liwiro limeneli, olemba ma plugin ambiri adagwiritsa ntchito malamulo apadera a ma processor a Intel, otchedwa SSE ndi AVX. Magawo otere satembenuzika okha: amafuna munthu woti awalembenso ndi kuwayesa, kuti mawu otuluka pa processor yatsopano afanane ndi akale.

Msamuko woyamba waukulu udachitika m'kati mwa banja la x86 lenilenilo, kuchoka pa 32-bit kupita pa 64-bit. Pulogalamu ya 32-bit siingagwiritse ntchito malo okumbukira opitirira magigabayiti 4, amene ndi ochepa kwa wofuna kuyala zoimbira zambiri. AMD idatulutsa ma processor a 64-bit a banjali mu 2003, ndipo patatha zaka khumi Logic Pro X ndi Pro Tools 11 zidatseka chitseko kwa ma plugin a 32-bit. Ableton Live 10 idachita chimodzimodzi mu 2018, ndipo mu 2019 macOS Catalina idakaniratu mapulogalamu onse a 32-bit.

Msamuko wa Apple ndi womasulira wake

Apple yasintha banja la processor katatu: kuchoka ku Motorola 68000 kupita ku PowerPC mu 1994, kupita ku Intel mu 2006, ndi kupita ku ma processor akeake a banja la Arm, kuyambira ndi M1 mu Novembala 2020. Pofika Juni 2023 idali italeka kugulitsa makompyuta atsopano a Intel.

Pa misamuko iwiri yomalizayi kampaniyi idapereka womasulira wotchedwa Rosetta, pulogalamu imene imatembenuza malamulo a chinenero chakale kuti processor yatsopano iwamve. Womasulirayu amagwira ntchito bwino, koma ali ndi malire. Sangamasulire plugin imodzi yokha m'kati mwa pulogalamu imene ikulankhula kale chinenero chatsopano. Wojambula amasankha pakati pa njira ziwiri: kuyendetsa situdiyo yonse kudzera mwa womasulira, n'kutaya gawo la mphamvu imene adagulira kompyutayo, kapena kudalira mlatho umene mapulogalamu ena amamanga, woika plugin yakale m'chipinda chapadera n'kumatumizirana nayo mawu. Mlatho nawo umadya mphamvu ndipo nthawi zina umaduka.

Makampani adasamuka pa liwiro losiyana. Logic Pro idali yokonzeka pamene M1 inkatuluka. FL Studio, imene idafika pa makompyuta a Apple mu 2018, idayamba kulankhula chinenero chatsopanocho mu 2021, Ableton Live mu 2022, ndipo Pro Tools mu 2023. Cubase 12 ikamayenda m'chinenero cha Arm siilandira ma plugin a VST 2.

Womasulira sakhala mpaka kalekale. Rosetta yoyamba idachotsedwa mu 2011, patangopita zaka zisanu. Mu Juni 2025 Apple idalengeza kuti macOS 26 ndiyo yomaliza kuyenda pa makompyuta a Intel, ndi kuti Rosetta 2 idzapezeka mokwanira mpaka pa macOS 27 basi. Zikadzatero, plugin imene mwini wake sadaimangenso siidzatsegukanso pa kompyuta yatsopano ya Apple.

Makompyuta a kaunjika

Wina angafunse kuti zimenezi zikumukhudza bwanji mnyamata wa ku Umlazi kapena wa ku Area 25 ku Lilongwe, amene laputopu yake ndi ya Windows, yogulidwa pa kaunjika. Yankho lili pawiri.

Choyamba, ntchito ya nyimbo imayenda m'manja ambiri. Ng'oma zikhoza kuyalidwa ku Clermont, mawu a woimba n'kujambulidwa ku Lusaka, kusakaniza komaliza n'kuchitikira ku Johannesburg kapena ku London, kumene masitudiyo ambiri amagwiritsa ntchito makompyuta a Apple. Fayilo ya ntchito ikafika kumeneko ndi plugin imene kulibe, imatseguka ndi mipata.

Chachiwiri, Windows nayo ikusuntha. Mu Juni 2024 padatuluka malaputopu a Windows oyendera ma processor a Snapdragon X a kampani ya Qualcomm, a banja la Arm, okhala ndi womasulira wawo wotchedwa Prism. Ubwino wa makina a Arm ndi batire lokhalitsa, chinthu chamtengo wapatali m'chigawo chimene chalawa mdima: South Africa idakumana ndi kuzimazima kwa magetsi koopsa mu 2023, Zambia mu 2024 pamene chilala chidatsitsa madzi a ku Kariba, ndipo Malawi idataya mphamvu ya ku Kapichira namondwe wa Ana atawononga malowo mu Januwale 2022. Koma walira mvula walira matope. Laputopu yosatha batire msanga ikhoza kukana kachipangizo kolumikizira maikolofoni kamene munthu ali nako kale, pakuti mapulogalamu oyendetsa zipangizo zotere sadutsa mwa womasulira, ndipo amayenera kulembedwa mwatsopano.

Ngakhale otsala pa x86 sali pamtendere. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft idaleka kusamalira Windows 10, kupatula kwa olembetsa ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi, ndipo Windows 11 siivomereza mwalamulo ma processor ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2017. Ableton Live 12 ya mu 2024 imafuna processor yodziwa malamulo a AVX2, amene makina akale kwambiri alibe. Makompyuta amene maofesi a ku Ulaya akutaya kaamba ka zifukwa zimenezi ndi omwewo amene amathera m'misika ya kuno. Wojambula wa kuno amapanikizika mbali ziwiri: zida zatsopano zimakana kompyuta yake yakale, ndipo kompyuta yatsopano imakana zida zake zakale.

Chimene chimatayika

Anthu ambiri amaganiza kuti fayilo ya ntchito, monga ya FL Studio, imasunga nyimbo. Zoona zake n'zakuti imasunga malangizo: plugin yakuti ilize noti yakuti pa nthawi yakuti, mabatani ake atapotozedwa mwakuti. Ili ngati pepala la kaphikidwe, osati ndiwo zophikaphika. Plugin ikasowa, manotsi amatsala koma mawu ake amapita.

Nyimbo yomalizidwa imakhalapobe ngati idasungidwa, koma ndalama zambiri za masiku ano zimafuna zoposa pamenepo. Wopanga filimu kapena wotsatsa malonda amapempha nyimbo yopanda mawu a woimba. Woimba wakunja wofuna kulowa m'nyimbo amapempha ng'oma pazokha ndi besi payokha. Ngati chotsala ndi MP3 yopanikizidwa imene inkayenda pa mafoni mu 2013, mwayi wotere umadutsa. Fayilo yotseguka ndi umboninso wa umwini, pakuti imaonetsa momwe nyimbo idamangidwira. Kuti umwini ndi nkhani yeniyeni zidaoneka mu Novembala 2020, pamene will.i.am wa ku America adapepesa poyera anthu atadandaula kuti nyimbo imene adaimbamo idatengera "Ice Drop" ya DJ Lag.

Zitsanzo za zida zosowa zilipo. Apple itagula kampani ya Camel Audio mu 2015, choimbira chotchuka cha Alchemy chidasanduka gawo la Logic Pro, ndipo ogwiritsa ntchito Windows adatsala ndi chakale chimene palibe akuchikonzanso. Mu FL Studio momwemo, choimbira cha SoundFont Player chidakhala zaka zambiri chikuyenda pa 32-bit yokha mpaka pamene chidalembedwanso kumapeto kwa 2021.

Kufunika kwa kachida kamodzi kukuonekera bwino m'chamba cha amapiano cha ku Gauteng, chimene tsopano chikumveka kuyambira ku Durban mpaka ku Lagos. Besi yake yodziwika, yotchedwa log drum, idachokera ku plugin yakale ndi yaing'ono ya mu FL Studio yotchedwa Fruity DX10, ndipo ambiri amatchula MDU aka TRP monga amene adaipatsa kalilidwe kameneka. Plugin imeneyi yapulumuka misamuko yonse kaamba koti kampani imene ili ndi malangizo ake oyambirira idapitiriza kuimanganso. Ikadakhala ya munthu mmodzi amene adasiya ntchitoyo, chamba chathunthu chikadatsamira pa chida chimene chikufa.

Pali nkhani ina imene siikambidwa mokweza. Kaamba ka kukwera mtengo kwa mapulogalamu ndi kusowa kwa ndalama zakunja, achinyamata ambiri m'chigawo chino adayambira pa mapulogalamu obedwa, ogawana pa fulashi. Kuwonjezera pa kuphwanya malamulo ndi kulowetsa mavairasi, pulogalamu yotere imauma pa tsiku limene idathyoledwa. Wogula mwalamulo amalandira yomangidwanso processor ikasintha, ndipo Image-Line imapereka FL Studio yatsopano mwaulere kwa moyo wonse kwa amene adagula kamodzi. Wa pulogalamu yobedwa alibe khomo logogoda.

Makomo otseguka

Mavutowa achititsa ena kufunafuna miyezo imene siili m'manja mwa kampani imodzi. Mu Juni 2022 makampani awiri a ku Berlin, Bitwig ndi u-he, adatulutsa muyezo wa CLAP pansi pa chilolezo cha MIT, chimene chimalola aliyense kuugwiritsa ntchito popanda kulipira kapena kusayina pangano. FL Studio idayamba kulandira CLAP mu 2024. Mu Okutobala 2025 Steinberg nayo idaika VST 3 pansi pa chilolezo chomwecho, kutanthauza kuti zimene zidachitikira VST 2 mu 2018 sizingabwerezedwe mwanjira yomweyo.

Muyezo wotseguka suthetsa wokha vuto la processor, pakuti plugin ya CLAP nayo iyenera kutembenuziridwa m'chinenero chilichonse. Chimene chimathetsa vutolo ndi source code yotseguka. Choimbira cha Surge chinkagulitsidwa, koma mu 2018 mwini wake, Claes Johanson, adapereka malangizo ake oyambirira kwa anthu onse. Odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana adachitola, ndipo lero chikuyenda pa Windows, pa Linux ndi pa makompyuta a Apple a mitundu yonse iwiri, kwaulere. Choimbira cha Vital, chimene Matt Tytel adatulutsa mu 2020, chili ndi mtundu waulere, ndipo malangizo ake adaikidwanso poyera. Chida chotere sichifa pamodzi ndi kampani, pakuti wophunzira aliyense wa kompyuta, kaya ali ku University of KwaZulu-Natal kaya ku Malawi University of Business and Applied Sciences, akhoza kuchimanganso pa processor ya mawa.

Apa ndi pamene chigawo cha kum'mwera kwa Africa chili ndi mpata. Chapereka ku dziko lapansi kwaito, gqom ndi amapiano, koma zida zopangira zambazi pafupifupi zonse zimalembedwa ku Ulaya, ku America ndi ku Japan. Zipangizo zolembera ma plugin, monga JUCE imene Julian Storer adayambitsa mu 2004, zimalola munthu kulemba kamodzi n'kutulutsa VST 3, Audio Units ndi miyezo ina. Palibe chimene chikuletsa sukulu za ukachenjede za kuno kuphunzitsa lusoli, ndi kupanga zoimbira zomangidwa pa mawu a mbira, kalimba, valimba ndi ng'oma za kuno.

Zoyenera kuchita lero

Pamene zimenezo zikudikira, wojambula aliyense ali ndi njira zodzitetezera zosafuna ndalama zambiri. Yoyamba ndi kutulutsa mzere uliwonse wa nyimbo, ng'oma, besi, kiyibodi ndi mawu, monga fayilo ya WAV payokha, nyimbo ikangotha. WAV, imene Microsoft ndi IBM adayambitsa mu 1991, imasunga mawu enieni osati malangizo, ndipo imatseguka pa processor iliyonse. Yachiwiri ndi kusunga manotsi monga MIDI, muyezo wa mu 1983 umene mapulogalamu onse amaumva, pamodzi ndi kalata yaifupi yotchula liwiro la nyimbo, ma plugin amene adagwiritsidwa ntchito ndi manambala awo.

Yachitatu ndi kusathamangira kusintha. Wanzeru sasintha Windows kapena macOS ali pakati pa chimbale, ndipo asanagule kompyuta yatsopano amafufuza ngati ma plugin ake ndi kachipangizo kake ka maikolofoni zili ndi mtundu wa processor imeneyo. Kompyuta yakale isagulitsidwe mafayilo ake asanatulutsidwe. Yachinayi ndi kusunga zonsezi m'malo awiri otalikirana. Madzi osefukira amene adapha anthu oposa 400 ku Durban ndi madera ozungulira mu Epulo 2022 adakokololanso nyumba ndi katundu, ndipo madzi akatayika saoleka.

Mzinda wa Durban uli ndi phunziro lakale pa nkhaniyi. Hugh Tracey, amene adatsogolera nyumba youlutsira mawu ya SABC mumzindawu kuyambira 1936 mpaka 1947, pambuyo pake adayenda ndi makina ojambulira m'mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Mu 1954 adakhazikitsa International Library of African Music, imene kuyambira 1978 ili ku Rhodes University mumzinda umene tsopano ukutchedwa Makhanda. Makina amene adajambulira adatha kalekale, koma nyimbo za Achewa, Amang'anja ndi Atumbuka za m'zaka za m'ma 1950 zikumvekabe, kaamba koti chimene chidasungidwa ndi mawu enieni, ndipo padapezeka anthu owasamutsa kuchoka pa tepi kupita pa mbale, kenaka pa kompyuta.

Nyimbo zoyambirira za gqom zili ndi zaka zosakwana 20, ndipo zambiri zili m'makompyuta akale a eni ake. Kuti zidzamveke mu 2090 monga zikumvekera za m'ma 1950, ziyenera kutulutsidwa m'makompyutamo pamene adakali kuyaka.